Zithunzi za ziphaso zikuonongeka ndikazichepetsa mu pulogalamu yanga, ndigule kompyuta ina?

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Namwera: "Ndalemba pulogalamu ya pa kompyuta mu C# ndi Windows Forms yosindikizira ziphaso za ophunzira pa sekondale ina kuno ku Mangochi. Aphunzitsi amajambula ana ndi foni, ine ndimaika zithunzizo mu foda, pulogalamu n'kuzichepetsa kuti zikhale 300 kwa 300. Koma nkhope zikutuluka zophwatalala, zina zagona cham'mbali, zambiri zikuoneka mwachimbuuzi, ndipo ikadutsa zithunzi makumi angapo pulogalamu imafa n'kulemba kuti Out of memory. Laputopu yake ndi ya 4 GB. Kodi vuto ndi kompyuta?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni. Laputopu ya 4 GB ikhoza kuchepetsa zithunzi za sukulu yonse, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, osatsamwa, bola pulogalamu izinyamula chithunzi chimodzi panthawi n'kuchitula ikathana nacho. Mavuto anayi mwatchulawa akuoneka osiyana, koma ndikuganiza kuti onse akuchokera pamalo amodzi: paja mumatsegula fayilo ndi Image.FromFile, kenako n'kupanga new Bitmap n'kuiuza 300 ndi 300. Mzere umenewu umagwiradi ntchito, n'chifukwa chake ambiri amayamba nawo. Kungoti umakusankhirani zinthu zomwe mumayenera kusankha nokha, ndipo pa ntchito ya ziphaso umasankha molakwika.

Tiyambe ndi kufa kwa pulogalamu, poti ndi komwe kwakupangitsani kuganiza za sitolo. Fayilo ya JPEG yochokera mu foni imatha kukhala 3 MB, ndipo munthu amayesa kuti mu RAM, momwe kompyuta imasunga zomwe ikugwira nthawi imeneyo, itenganso 3 MB yomweyo. Sizitero. JPEG ndi chithunzi chopanikizidwa. Pulogalamu ikachitsegula imachifutukula chonse kukhala bitmap, mizeremizere ya timadontho ta mitundu, kalikonse pamalo pake. Foni ya 12 megapixel imajambula 4000 kwa 3000, ndiwo timadontho 12 miliyoni. Kadontho kalikonse kamadya ma byte atatu, a mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kapena anayi ngati pali gawo losonyeza kuonekera mkati. Chithunzi chimodzi basi chatenga kale 36 MB, mwina 48 MB. Zithunzi 40 zoterezi zikhale mu RAM nthawi imodzi, mwayandikira 2 GB, ndipo pulogalamu ya 32-bit nthawi zambiri malire ake ali pomwepo, kaya kompyuta ili ndi RAM yochuluka bwanji. Mapulojekiti ambiri a .NET Framework amabadwa ndi kabokosi ka Prefer 32-bit kochongedwa kale, kayang'aneni kwanuko.

Mwina mufunsa kuti nanga garbage collector ya .NET ikuchita chiyani, si ntchito yake kusesa? Ndi ntchito yake ndithu, koma imaona zokhazo zomwe .NET yasunga yokha. Bitmap ya System.Drawing ndi kachikuto kakang'ono. Timadontho tenitenito timakhala kunja, m'manja mwa GDI+, gawo la Windows lomwe limagwira zithunzi. Wosesayo akayang'ana amaona tizikuto ting'onoting'ono, saona chifukwa chofulumirira, pomwe kuseri RAM ikudzaza. Mankhwala ake ndi Dispose. Image iliyonse, Bitmap iliyonse, Graphics iliyonse, ImageAttributes iliyonse, muziikulunga mu using kuti ikangotha ntchito itule katundu nthawi yomweyo. Pali malo amodzi omwe anthu amaiwala ngakhale ataphunzira zimenezi: PictureBox, kabokosi koonetsera chithunzi pa windo ya pulogalamu. Mukaipatsa chithunzi chatsopano, chakale sichichotsedwa chokha. Gwirani chakalecho mu variable, ikani chatsopano, kenako muitane Dispose pa chakale.

Dziwaninso kuti uthenga wa Out of memory nthawi zina umanama. Image.FromFile imatulutsa uthenga womwewo ikakumana ndi fayilo yomwe siikuizindikira ngati chithunzi. Mu foda yanu mukakhala Thumbs.db, kapena chithunzi cha HEIC chochokera mu iPhone, kapena WebP yomwe wina anakopera pa intaneti, kapena JPEG yoduka chifukwa fulashi inazulidwa isanamalize kukopera, pulogalamu idzalira za RAM pomwe RAM ilipo yambiri. Choncho fayilo iliyonse ikhale ndi try ndi catch yakeyake, dzina la yomwe yakanika lilembedwe pambali, ndipo ntchito ipitirire. Chithunzi chimodzi choipa chisaimitse kalasi yonse.

Tsopano nkhope zophwatalala. Apa ndi masamu a pulayimale. Chithunzi chojambulidwa foni itaimirira chimakhala 3000 mulifupi ndi 4000 mulitali. Mukachikakamiza kulowa mu 300 kwa 300, mulifupi mwachepetsa ka 10, koma mulitali mwachepetsa kopitirira 13. Mutu wa mwana wafinyidwa kuchokera pamwamba, masaya n'kutambasuka. Mbali zonse ziwiri ziyenera kuchepa ndi nambala imodzi, ndipo njira zopezera nambalayo ndi ziwiri. Gawani mulifupi womwe mukufuna ndi mulifupi wa chithunzi, mugawenso mulitali chimodzimodzi. Mukatenga yaing'ono mwa ziwirizo, chithunzi chonse chilowa m'bokosi koma patsala mpata m'mbali: pa chitsanzo chathu chituluka 225 kwa 300. Mukatenga yaikulu, bokosi lidzaza lonse koma mbali ina ya chithunzi idulidwa: chikhala 300 kwa 400, ndipo mizere 100 iyenera kutayidwa.

Pa ziphaso sankhani yachiwiriyo, chifukwa makhadi onse ayenera kuoneka ofanana. Koma musadule mofanana pamwamba ndi pansi. Nkhope imakhala chakumtunda kwa chithunzi, ndiye dulani pang'ono pamwamba, zambiri pansi pomwe pali malaya. Kuposa apo, ikani kabokosi pa sikirini koti mlembi wa sukulu azikakoka ndi mausi n'kukaika bwino pa nkhope, poti aphunzitsi sajambula mofanana: wina amaima pafupi, wina patali mpaka mwana kuoneka ndi nsapato zomwe. DrawImage imalandira mabokosi awiri, la pomwe mukutenga pa chithunzi chachikulu ndi la pomwe mukuika pa chaching'ono, motero kudula ndi kuchepetsa zimachitika kamodzi. Chenjerani ndi kugawako: mu C#, 300 kugawa ndi 4000 zonse zili int, nambala zopanda desimali, yankho lake ndi 0, ndipo Bitmap ya mulifupi 0 imakana ndi uthenga wosathandiza woti Parameter is not valid. Sandutsani imodzi kukhala double, nambala yolola desimali, musanagawe, ndipo pomaliza muzungulize ndi Math.Round.

Koma nambala ya 300 ija munaitenga kuti? Ndikufunsa chifukwa kukula kwa chithunzi kumayenera kuchokera ku ntchito yake. Chosindikiza pa pepala kapena pa khadi chimaoneka bwino chikakhala ndi timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo inchi ndi mamilimita 25.4. Ngati malo a chithunzi ndi 35 mm kwa 45 mm, kukula kwa zithunzi zambiri za mapasipoti, mufunika 413 kwa 531. Khadi lonse la kukula kwa khadi la ku banki, 85.6 mm kwa 54 mm, limafuna pafupifupi 1011 kwa 638. Yezani malo a chithunzi pa khadi lanu ndi rula, muchite masamu omwewo. Mukachepetsa kufika 300 kenako pulinta n'kuchikoka kuti chidzaze malo a 413, chimbuuzi china mwachibweretsa nokha. Nambala ya dpi, kutanthauza timadontho pa inchi, yolembedwa mu fayilo payokha siwonjezera kapena kuchotsa kadontho kalikonse. Imangouza pulogalamu yosindikiza kukula kwake pa pepala. Komabe ikani SetResolution pa 300, ndipo pojambula muzitchula bokosi lonse lomwe chithunzi chikulowa, chifukwa DrawImage mukaipatsa ngodya yokha imayeza kukula potsata dpi, zinthu n'kutuluka zazikulu kapena zazing'ono mosayembekezeka.

Zogona cham'mbali zili ndi chifukwa chake chomwe sichioneka ndi maso. Mafoni ambiri satembenuza timadontho munthu akaimiritsa foni. Amasunga chithunzi momwe kamera yachionera, n'kulemba kachizindikiro mu EXIF, zolemba zobisika mu fayilo zonena za chithunzicho, kouza wotsegula kuti atembenuze. Photos ya Windows imawerenga kachizindikiroko, n'chifukwa chake mukatsegula kumeneko chithunzi chimaoneka choongoka, inu n'kumadabwa kuti pulogalamu yanu yatani. GDI+ siwerenga. Muwerenge nokha: onani ngati PropertyIdList ili ndi 0x0112, yomwe ndi 274, ndipo mutenge nambala yake ndi GetPropertyItem. Ikakhala 1 palibe chochita. Ikakhala 6 itanani RotateFlip ndi Rotate90FlipNone, 3 ndi Rotate180FlipNone, 8 ndi Rotate270FlipNone. Nambala zina, 2, 4, 5 ndi 7, ndi za chithunzi chotembenuzidwa ngati pa galasi, ndipo ndi bwino kuzilembanso ngakhale sizibwera kawirikawiri. Chitani izi musanayambe masamu a mulifupi ndi mulitali, apo ayi muwerengera mbali zosinthana.

Bitmap yatsopano yomwe mujambulepo sitenga EXIF ya chithunzi chakale, ndipo zimenezo n'zabwino kawiri. Palibe pulogalamu ina yomwe idzachitembenuzenso kachiwiri, komanso ngati foni inalemba malo a GPS pomwe mwana anajambulidwa, sapita nawo kulikonse komwe chithunzi chaching'onocho chidzapite. Izi ndi zithunzi za ana a eni, ndiye nkhani imeneyi musaitenge mopepuka.

Tifike pa chimbuuzi ndi m'mphepete mokhala ngati masitepe, pomwe pali nkhani yeniyeni ya kuchepetsa. Tinene kuti mukuchotsa 4000 kwa 3000 kufika 400 kwa 300. Kadontho kamodzi katsopano kakuimira timadontho 100 takale, 10 uku ndi 10 uku. Funso lomwe pulogalamu iyenera kuyankha ka 120,000 ndi lakuti: kadontho aka kakhale ka mtundu wanji? Njira ya NearestNeighbor imatola kamodzi mwa 100 aja n'kutaya 99. Zili ngati wogula usipa pa doko amene watola kansomba kamodzi pamwamba pa chidebe n'kuweruza chidebe chonse. Akatola koola, chidebe chabwino chanyozeka. Akatola kabwino, choola chadutsa. Pa nkhope zimenezi zikutanthauza kuti kadontho ka kuwala kwa dzuwa pa chipumi kakhoza kuimira dera lonse, ndipo chikope chikhoza kusowa chifukwa sichinatoledwe.

Bilinear wamba imayang'ana timadontho 4 toyandikana, Bicubic wamba 16. Ndi kusintha ndithu, koma 4 kapena 16 mwa 100 ndi tochepabe, ndipo Microsoft yomwe imanena kuti Bilinear si yoyenera kuchepetsa kupitirira theka la kukula kwa chithunzi, Bicubic kupitirira kota. Inu mukuchepetsa ka 7 kapena ka 10. Yoyenera ntchito yanu ndi HighQualityBicubic, yomwe imayamba yasakaniza timadontho tonse ta m'deralo isanasankhe mtundu, motero palibe kadontho kotayidwa osawerengedwa. Imachedwerapo, koma kuchedwa kwa kachigawo ka sekondi pa chithunzi chomwe mwana adzachivala pakhosi chaka chonse si nkhani.

Kachitidwe kake ndi aka. Pangani Bitmap yopanda kanthu ya kukula komwe mwawerengera, ya Format24bppRgb. Tengani Graphics kuchokera pa iyo ndi Graphics.FromImage, muipake yoyera ndi Clear, muike InterpolationMode pa HighQualityBicubic, PixelOffsetMode pa HighQuality, kenako DrawImage. Kupaka yoyerako n'kofunika mukalandira PNG yoonekera mkati, monga chizindikiro cha sukulu, chifukwa JPEG sidziwa zoonekera mkati ndipo malo amenewo angatuluke akuda bii. Mukatero mudzaona kachilema kamodzi kotsala: kamzere kotuwa kozungulira m'mphepete mwa chithunzi. Kamabwera chifukwa pa malire penipeni njirayi imafuna timadontho ta kunja komwe kulibe kanthu, n'kusakaniza ndi kupanda kanthuko. Pangani ImageAttributes, muitane SetWrapMode ndi TileFlipXY, muipereke kwa DrawImage, kamzereko katha. SmoothingMode yomwe anthu amakonda kuikaponso imakhudza mizere ndi zozungulira zomwe mukujambula nokha, pa chithunzi cha kamera sithandiza kanthu.

GetThumbnailImage ipeweni, ngakhale dzina lake likukopa. Ngati mu JPEG muli kale kachithunzi kakang'ono komwe foni inabisamo, imatenga kameneko n'kukakoka, m'malo mochepetsa chachikulu. Pa tizithunzi tosapitirira 120 kwa 120 imapiririka. Kupyola apo ndi chimbuuzi chokhachokha.

Kuti mudziwe ngati mwakonza, musayese ndi chithunzi cha khoma loyera, chilichonse chimakhoza pamenepo. Yesani ndi zinthu za timizere tothithikana: shati ya mizere ing'onoing'ono, chitenje cha maluwa othinana, kapena ukonde woyanikidwa pa mchenga ku Malembo kapena ku Makanjira. Njira yoipa imatulutsa mafunde ndi mabwalo omwe pa ukonde weniweni palibe, chifukwa ikudumpha maso a ukonde mosatsata kayalidwe kake. Njira yabwino imangousandutsa mtundu wosalala. Yesaninso ndi nkhope ya mwana wakhungu lakuda wojambulidwa pamthunzi, kumbuyo kwake kuli dzuwa la masana la kunyanja kuno. Pamenepo ndi pomwe kusunga moipa kumaonekera msanga.

Kusungako nakonso kuli ndi misampha. Mukaitana Save ndi dzina la fayilo lokha pa Bitmap yomwe mwapanga mu RAM, imasunga PNG, ngakhale dzina lithere ndi .jpg. Fayilo imakula mosadziwika bwino, ndipo mapulogalamu ena amaikana. Tchulani mtundu wake. Chabwino koposa, pezani encoder ya JPEG pa GetImageEncoders, muipatse Encoder.Quality ya pakati pa 85 ndi 90, yolembedwa ngati long. JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta 8 kwa 8 n'kutaya zomwe ikuyesa kuti diso siliona. Mukatsitsa kwambiri, timabokosito timayamba kuoneka, makamaka m'malo amdima a nkhope. Chithunzi cha 413 kwa 531 pa 90 ndi ma kilobyte makumi angapo chabe, ndiye palibe chomwe mukupulumutsa potsika kufika 50. Siginecha ya a hedi ndi chizindikiro cha sukulu zisungeni mu PNG, poti JPEG imadetsa m'mphepete mwa zolemba.

Mukadzaona uthenga woti A generic error occurred in GDI+, kawirikawiri ndiye kuti mukusunga pa fayilo yomwe mwatsegula, pakuti Image.FromFile imaitsekera mpaka Dispose, kapena foda yomwe mwatchula kulibe, kapena mulibe chilolezo cholembamo. Koma ine ndinganene kuti uthengawu ukukutetezani, chifukwa kulemba pamwamba pa chithunzi choyambirira ndi chinthu chomwe simuyenera kuchita n'komwe. Kuchepetsa ndi kutaya. Timadontho 12 miliyoni tikatsala 219,000, tinato sitibwerera. Chaka chamawa a hedi akadzafuna zithunzi zazikulu za pa bolodi la ochita bwino mayeso, kapena sukulu ikadzasintha kapangidwe ka khadi, mudzafuna choyambiriracho. Ndiponso JPEG ikatsegulidwa n'kusungidwanso imaonongekerako pang'ono ulendo uliwonse. Khalani ndi foda ya zoyambirira yomwe pulogalamu imangowerenga, ndi foda ina ya zochepetsa. Kukula kulikonse komwe mungafune, ka khadi kapena ka 96 kwa 96 ka pa mndandanda wa pa sikirini, kazichokera mwachindunji ku choyambirira, osati kuchepetsa chochepetsa kale. Mu database sungani kakang'onoko kapena njira ya ku fayilo. Zikuluzikulu mukaziunjika m'menemo, kukopera database pa fulashi kudzakhala chintchito.

Poti kuno magetsi amathima osatsazika ndipo batire la laputopu yakale silidalirika, lembani chithunzi chatsopano pa dzina losakhalitsa, ndipo chikamalizika musinthe dzina ndi File.Move. Magetsi akapita pakati, mutsala ndi fayilo yosakhalitsa yoti mufufute, osati JPEG yoduka yokhala ndi dzina la mwana. Pulogalamu ikayambanso izidumpha zomwe zatha kale. Ntchito yonseyi iziyenda mu Task.Run kuti windo isaume n'kulemba Not Responding, koma pa 4 GB musathamangire Parallel.ForEach yogwira zithunzi zambiri nthawi imodzi, chimodzichimodzi chikukwanira, ndipo Bitmap imodzi ikagwiridwa ndi ma thread awiri GDI+ imakana kuti Object is currently in use elsewhere.

Za mtsogolo mawu ochepa. System.Drawing ndi yokwanira malinga pulogalamu yanu ikhale ya Windows. Kuyambira .NET 6, System.Drawing.Common imathandizidwa pa Windows pokha, ndiye tsiku lomwe mudzasamutsire ntchitoyi pa seva ya Linux mudzafuna SkiaSharp, Magick.NET kapena ImageSharp, ndipo yomalizayi muwerenge layisensi yake musanaigulitse mu pulogalamu. Mukadzapita ku WPF, njira ina yopangira mapulogalamu a Windows, BitmapImage ili ndi DecodePixelWidth yomwe imachepetsa chithunzi pochitsegula, RAM osadzaza. Masamu a mbali ziwiri aja, EXIF ndi kusamala zoyambirira sizisintha kulikonse.

Chatsala chimodzi chomwe mizere ya pulogalamu singakonze. Ngati aphunzitsi akukutumizirani zithunzi pa WhatsApp mwanjira ya masiku onse, zikufika zitachepetsedwa ndi kupanikizidwa kale, ndipo ngati mwana anaima patali, nkhope yake pa chithunzi chotere ikhoza kukhala timadontho 150 chabe mulifupi. Kuikulitsa kufika 413 ndi kupeka timadontho tomwe kamera sinaone, ndipo ngakhale HighQualityBicubic ingokupatsani chimbuuzi chosalala. Apempheni atumize ngati Document, kapena abwere ndi foni mukopere ndi chingwe, zomwe sizidya bandulo ya aliyense. Auzeni ajambule kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, mwana ataima pakhonde moyang'ana kuwala, khoma lili kumbuyo. Ndipo mu pulogalamu ikani chotchinga: ngati bokosi lomwe mlembi wasankha pa nkhope ndi laling'ono kuposa 413 kwa 531, isakulitse mwakachetechete, ionetse dzina la mwanayo ndi kalasi yake kuti akajambulidwenso khadi lisanasindikizidwe.